Ukonde wa Matanthauzo ndi Atumiki a Pakompyuta: Phunziro Lochokera ku Kitwe ndi Ndola

1.0 Mawu Oyamba

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza njira imene akatswiri a za makompyuta adakonza pofuna kuti makina azitha kutsata tanthauzo la zimene anthu amalemba pa intaneti, ndiponso kuona ngati njirayo ili ndi malo a Chichewa ndi ziyankhulo zina zoyandikana nacho. Pa Chingerezi njirayi imatchedwa Semantic Web. Ife m'nkhani ino tiitcha ukonde wa matanthauzo. Palinso mapulogalamu amene munthu amawatuma kuti akafufuze nkhani, akaisanthule ndi kubwera nalo yankho m'malo mwake. Eni ake amawatcha software agents. Ife tiwatcha atumiki a pakompyuta, kapena kungoti atumiki.

Zitsanzo zathu zambiri tazitenga ku Kitwe ndi ku Ndola, mizinda iwiri ikuluikulu ya m'chigawo cha Copperbelt m'dziko la Zambia. Tasankha malowa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kwa zaka pafupifupi 100 migodi ya mkuwa yakhala ikusonkhanitsa anthu a mitundu yambiri, kuphatikizapo oyankhula Chichewa ochokera kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi, kotero kuti mawu a ziyankhulo zosiyana amakumana m'kamwa mwa munthu mmodzi. Chachiwiri, maina a malo, a migodi ndi a makampani m'dera limeneli akhala akusinthasintha. Zinthu ziwirizi ndizo zimayesa nzeru za mtumiki koposa zina zonse. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Funso lathu tsono ndi lakuti: kodi tingatani kuti kandimverere wa pakompyutayu asakanene za m'maluwa?

2.0 Chiyambi cha Ukonde wa Matanthauzo

Mu 1989 Tim Berners-Lee, pamene ankagwira ntchito ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, adapereka ganizo lolumikiza masamba a pakompyuta kuti munthu azitha kuchoka pa tsamba lina kunka pa linzake. Ganizoli ndilo lidabala World Wide Web, ndipo mu 1994 adakhazikitsa bungwe la W3C kuti lizikonza malamulo a kalembedwe ka masambawo. M'chaka chomwecho dziko la Zambia lidalumikizidwa kwathunthu ku intaneti kudzera ku ZAMNET, kampani imene idabadwira ku University of Zambia. Malawi adatsatira mu 1997.

Masamba amenewa adakonzedwa kuti aziwerengedwa ndi maso a munthu. Kwa kompyuta, tsamba ndi mndandanda wa zilembo basi. Ikapatsidwa mawu akuti Ndola, imangofunafuna pamene pali zilembo zisanuzo, osadziwa ngati akunena mzinda, boma, kapena munthu. Pofuna kuthetsa vuto limeneli, m'mwezi wa Meyi 2001 Berners-Lee pamodzi ndi James Hendler ndi Ora Lassila adalemba nkhani m'magazini ya Scientific American. M'nkhaniyo adanena kuti pambali pa mawu owerenga anthu paziikidwanso mfundo zolembedwa mwa njira imene makina angaitsate, kuti mtumiki azitha kugwira ntchito monga kupeza nthawi yoyenera yoti wodwala akaonane ndi achipatala.

Zipangizo za ntchitoyi zidabwera pang'onopang'ono. Bungwe la W3C lidavomereza RDF mu 1999, OWL mu 2004, SPARQL mu 2008 ndi SKOS mu 2009. Nkhokwe ya DBpedia, imene imatola mfundo mu Wikipedia, idayamba mu 2007. Mu 2011 makampani a Google, Microsoft ndi Yahoo adagwirizana pa mndandanda wa magulu a zinthu wotchedwa schema.org, ndipo mu 2012 mudabadwa Knowledge Graph ya Google ndi Wikidata. Loto la mu 2001 silidakwaniritsidwe lonse monga momwe eni ake adalifotokozera, komabe zigawo zake zikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kabokosi ka mfundo kamene kamatuluka pambali munthu akafufuza dzina la mzinda ndi chipatso chimodzi cha ntchito imeneyi.

3.0 Mmene Ukondewu Umagwirira Ntchito

3.1 Mfundo ya magawo atatu

Maziko a RDF ndi osavuta kwa mphunzitsi wa galamala. Mfundo iliyonse imalembedwa m'magawo atatu, ofanana ndi mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Taonani zitsanzo izi:

(1) Copperbelt University | ili mumzinda wa | Kitwe
(2) Kitwe | ili m'chigawo cha | Copperbelt
(3) Copperbelt | chili m'dziko la | Zambia
(4) Copperbelt University | idakhazikitsidwa m'chaka cha | 1987

Tikayang'anitsitsa tiona kuti pamtherankhani wa mfundo (1) ndiye mwininkhani wa mfundo (2), ndipo wa (2) ndiye mwininkhani wa (3). Mfundo zikamangiriridwa motere, zikwi ndi zikwi, zimapanga ukonde. SPARQL ndi chiyankhulo chimene mtumiki amafunsira mafunso mu ukondewo.

3.2 Chizindikiro chosasintha

Makina sadalira dzina, chifukwa dzina limasintha ndiponso limodzi limatha kuimira zinthu zingapo. M'malo mwake chinthu chilichonse chimapatsidwa chizindikiro chakechake chotchedwa URI. Mu Wikidata, mwachitsanzo, Zambia ndi Q953 pamene Malawi ndi Q1020. Maina onse amene anthu amatchulira chinthucho amangopachikidwa pa chizindikirocho, lililonse ndi chilembo cha chiyankhulo chake. Motero oyankhula Chibemba amene amati umukuba ndi oyankhula Chichewa amene amati mkuwa angathe kufika pa chinthu chimodzimodzi, malinga ngati pali wina amene adakhala pansi n'kupachika mawu awiriwo pamalo pake.

3.3 Dongosolo la magulu

Gawo lachitatu ndi limene akatswiri amalitcha ontology, kutanthauza dongosolo lofotokoza magulu a zinthu ndi ubale umene uli pakati pawo. OWL ndi chipangizo cholembera dongosolo lotere. M'menemo tingalembe kuti mgodi ndi mtundu wa malo a ntchito, kuti mzinda sungakhale munthu, ndiponso kuti chinthu chikakhala m'kati mwa china, chimene nachonso chili m'kati mwa chachitatu, ndiye kuti choyambacho chili m'kati mwa chachitatucho. Ndi lamulo lomalizali mtumiki angathe kutulukira yekha, kuchokera ku mfundo (1), (2) ndi (3), kuti Copperbelt University ili m'Zambia, ngakhale palibe amene adalemba choncho. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya ukondewu, ndipo ngozi yake ilinso pomwepa: mfundo imodzi ikalakwika, zonse zotuluka mwa iyo zimalakwikanso, ndipo makina amazinena mopanda kukayika.

3.4 Atumiki a masiku ano

Kuyambira chakumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT idaperekedwa kwa anthu onse, atumiki ambiri amamangidwa pa mapulogalamu amene adaphunzira chiyankhulo powerenga zolemba zochuluka zedi. Mapulogalamu amenewa amayankha poyerekeza mawu amene kawirikawiri amatsatana, ndipo amachita bwino m'ziyankhulo zimene zili ndi zolemba zambiri pa intaneti. Chichewa, Chibemba ndi Chilamba sizili m'gulu limenelo. N'chifukwa chake nkhokwe za mfundo zolembedwa mwadongosolo zikufunikabe: ndizo zimapatsa mtumiki poyeza yankho lake asadalipereke.

4.0 Maina a ku Copperbelt

4.1 Dzina limodzi, zinthu zambiri

Tiyambe ndi dzina lakuti Nkana. Eni nthaka a dera limeneli ndi Alamba, amene Clement Doke adalemba za chikhalidwe chawo mu 1931 ndi galamala ya chiyankhulo chawo mu 1938. Nkana ndi dzina la ufumu wina wa Alamba. Mgodi umene udayamba kutulutsa mkuwa mu 1932 udatenga dzina lomwelo, ndipo mzinda wa Kitwe udakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Lero Nkana ndi dzina la mfumu, la mgodi, la dera lokhalamo anthu, la chigawo cha phungu wa nyumba ya malamulo, ndiponso la timu ya mpira imene kale inkatchedwa Rhokana United, kenako Nkana Red Devils. Ukonde wa matanthauzo ufunika zizindikiro zisanu pa dzina limodzili. Ngakhale pa mfumu pokha pali zinthu ziwiri, mpando ndi munthu amene walowa dzinalo, pakuti dzina la ufumu silifa pamodzi ndi mwini wake.

Chosangalatsa n'chakuti Chichewa chili ndi njira yake yosiyanitsira zinthu zimenezi, imene Chingerezi chilibe:

(5) A Nkana afika.
(6) Nkana yapambana.
(7) Nkana udatsegulidwa kale.
(8) Ku Nkana kwagwa mvula.

Mu (5) ulemu ukutiuza kuti tikunena za munthu. Mu (6) mgwirizanitsi akutsata dzina lobisika lakuti timu, mu (7) akutsata dzina lakuti mgodi, ndipo mu (8) tikunena za malo. Mtumiki amene adaphunzitsidwa magulu a maina ndi agwirizanitsi ake angathe kusankha chizindikiro choyenera pongoyang'ana mneni. Amene amangodula mawu pamene pali mpata, monga amachitira ndi Chingerezi, amataya umboni wonsewu, pakuti m'Chichewa mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani zimaphatikizidwa m'mawu amodzi, monga mu sadzakuuzaninso.

4.2 Dzina losamuka

Vuto lachiwiri ndi la dzina limene lachoka pa chinthu china n'kupita pa chinzake. Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata adatcha bwalo la ndege la ku Ndola dzina la Simon Mwansa Kapwepwe, amene adali wachiwiri kwa pulezidenti wa Zambia kuyambira 1967 mpaka 1970. Mu 2021 bwalo latsopano lidatsegulidwa kumadzulo kwa mzindawo ndipo lidatenga dzina lomwelo, pamene lakale lidaperekedwa kwa asilikali a m'mlengalenga n'kutchedwa Peter Zuze. Choncho nkhani yolembedwa mu 2015 ndi yolembedwa mu 2023 zikatchula bwalo la Kapwepwe, zikunena malo awiri osiyana. OWL ili ndi njira yonenera kuti zizindikiro ziwiri zikuimira chinthu chimodzi. Wolemba amene angaigwiritse ntchito pano chifukwa choona kufanana kwa maina angasokeretse wapaulendo aliyense amene wadalira mtumiki.

Chitsanzo china n'chachikulu kuposa ichi. Mpaka mu 1969 chigawo chimene lero ndi Copperbelt chinkatchedwa Western Province. M'chaka chimenecho dzinali lidaperekedwa ku chigawo cha Barotse, kwawo kwa Alozi. Tsono tiyerekeze kuti mtumiki wawerenga lipoti la mu 1965 lonena kuti Kitwe ili mu Western Province, ndipo wapezanso mfundo ya lero yakuti likulu la Western Province ndi Mongu. Potsata lamulo limene tafotokoza mu 3.3, iye anena kuti Kitwe imalamulidwa kuchokera ku Mongu. Mfundo iliyonse mwa ziwirizo ndi yoona pa nthawi yake, koma kuziphatikiza kwabala bodza. Maina monga Bancroft amene adasanduka Chililabombwe, Broken Hill amene adasanduka Kabwe, ndi Fort Jameson amene adasanduka Chipata ndi opepukirapo, chifukwa dzina lakale silidapite kwina.

4.3 Mfundo zotha ntchito

Mfundo ya magawo atatu ilibe malo a nthawi. Tikafunsa kuti mwini mgodi wa Nkana ndani, mayankho ndi ambiri. Poyamba idali Rhokana Corporation, ya m'gulu la Anglo American. Mu 1970 boma la Zambia lidatenga magawo 51 pa 100 ndipo mgodiwo udalowa mu Nchanga Consolidated Copper Mines. Mu 1982 kampaniyi idaphatikizidwa ndi Roan Consolidated Mines kupanga ZCCM. Mu 2000 mgodi udagulitsidwa kwa Mopani Copper Mines, imene gawo lake lalikulu lidali la Glencore. Mu 2021 ZCCM-IH idagula magawo a Glencore, ndipo mu 2024 International Resources Holding ya ku Abu Dhabi idatenga magawo 51 pa 100 a Mopani. Mfundo zonsezi zikalembedwa popanda zaka, mtumiki apeza eni ake asanu ndi mmodzi pa nthawi imodzi. Wikidata idathetsa vutoli polola kuti pa mfundo iliyonse paonjezeredwe chaka choyambira, chaka chothera ndi kumene mfundoyo yatengedwa. Koma malo amenewa sadzidzaza okha; amafuna munthu wodziwa mbiri ya deralo.

5.0 Ziyankhulo ndi Matanthauzo

5.1 Dzina ndi kalembedwe ka chiyankhulo chathu

Chiyankhulo chathu nachonso chili ndi maina awiri. Ku Malawi chidatchedwa Chichewa kuyambira mu 1968, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique chimatchedwa Cinyanja. M'malamulo a ISO 639 chili ndi chizindikiro chimodzi, ny kapena nya, pamene Chibemba ndi bem ndipo Chilamba ndi lam. Pofuna kusiyanitsa maiko tingathe kulemba ny-MW ndi ny-ZM.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa kalembedwe sikafanana. Ku Malawi malamulo adakonzedwa ndi Chichewa Board imene idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake idapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Ku Zambia Unduna wa Maphunziro udavomereza malamulo ake mu 1977. Zotsatira zake ndi izi:

(9) Malawi: chakudya, chifukwa, ntchito
(10) Zambia: cakudya, cifukwa, nchito

Tiona apa kuti zilembo za ch zikuimira liwu lina ku Malawi ndi lina ku Zambia. Kwa munthu wowerenga izi si kanthu. Kwa makina, chifukwa ndi cifukwa ndi mawu awiri osadziwana mpaka wina atawamanga pa chizindikiro chimodzi. Mwana wa sukulu wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji, akafufuza nkhani imodzi, aliyense apeza theka la zimene zilipo.

5.2 Chiyankhulo cha m'tauni

Chiyankhulo cha m'misika ya ku Kitwe ndi Ndola ndi Chibemba cha m'tauni, chimene A. L. Epstein adachifotokoza mu 1959 ndipo Mubanga Kashoki adachisanthula mu 1972. Chidabwereka mawu ku Chingerezi, ku Chinyanja ndi ku Chikabanga chimene akapitao ankalamulira nacho ntchito m'migodi. Chibemba chimenechi chilibe chizindikiro chakechake mu ISO 639, monganso Chinyanja cha ku Lusaka. Mtumiki akapeza uthenga wosakaniza, ayenera kuyamba waganiza kuti mawu aliwonse ndi a chiyankhulo chiti. Akaphonya apa waphonya zonse, chifukwa pali mawu ofanana maonekedwe koma osiyana kutalitali tanthauzo. Pa Chibemba ukulanda ndi kuyankhula, pamene kwa ife kulanda ndi kutenga cha mwini mwa mphamvu. Pa Chibemba ukusenda ndi kunyamula, pamene ife timasenda nzimbe ndi mbatata. Mtumiki amene wapatsidwa ntchito yosanthula madandaulo a anthu, akawerenga tsinde lakuti landa ngati Chichewa pamene wolembayo amanena Chibemba, asandutsa munthu woyankhula kukhala wachifwamba.

5.3 Kamvekedwe kosalembedwa

M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo, monga momwe Al Mtenje ndi akatswiri ena adasonyezera, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Chitsanzo chodziwika ndi mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Ku Copperbelt, kumene moyo wa anthu umakwera ndi kutsika pamodzi ndi malonda a ku London Metal Exchange, chiganizo chakuti mtengo wa mkuwa wagwa ndi nkhani ya ntchito ndi njala. Makina osadziwa angaganize za chomera chimene chagwetsedwa ndi mphepo. Apa dongosolo la magulu lingathandize: ngati lalembedwa kuti mkuwa ndi katundu wogulitsidwa, ndipo katundu ali ndi mtengo wa ndalama, mtumiki asankha tanthauzo lachiwiri.

Chovuta kwambiri ndi kamvekedwe ka mneni. Taonani chiganizo ichi:

(11) Kampaniyi imakumba mkuwa ku Nkana.

Tikanena kuti ímakúmba, tikutanthauza ntchito ya masiku onse imene ikuchitikabe. Tikanena kuti imakúmba, tikunena zimene zinkachitika m'mbuyomu. Pa pepala ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Tikakumbukira zimene tanena mu 4.3 za eni mgodi, tiona kuti kusiyana kwa liwu kumeneku ndiko kukanauza mtumiki ngati mfundoyo ili ndi chaka chothera kapena ayi.

5.4 Magulu a chibale ndi a chikhalidwe

Dongosolo la magulu lililonse limanyamula maganizo a anthu amene adalilemba. Mu schema.org munthu ali ndi makolo, ana, abale obadwa nawo ndi mnzake wa pabanja. Ena onse amangotchedwa achibale. Magulu amenewa satikwana. Mawu akuti mlongo amadalira amene akuyankhula: kwa mwamuna mlongo ndi wamkazi, kwa mkazi mlongo ndi wamwamuna. Mkulu ndi mphwanga zimadalira kubadwa. Mchimwene wa bambo ndi bambo wamkulu kapena wamng'ono, ndipo ana ake ndi abale, pamene mlongo wa mayi ndi malume kapena mtsibweni, ndipo ana ake ndi asuweni. Achewa, Abemba ndi Alamba onse amatsata mtundu kuchikazi, ndipo pa mwambo wawo ufumu umalowedwa ndi mbale kapena mwana wa mlongo. Mtumiki amene dongosolo lake likuganiza kuti wolowa m'malo mwa mfumu ndi mwana wake wobereka alemba mzere wa mafumu umene eni ake sangauzindikire.

Pomaliza titchule chimbuya, ubale wa nthabwala wa pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa, makamaka Angoni. J. Clyde Mitchell, pofotokoza gule wa kalela wa ku Luanshya mu 1956, adaonetsa kuti ubale wotere udakula m'matauni a migodi, kumene anthu otalikirana ndi kwawo ankathandizana ngakhale pa maliro. Mawu amene anthu a chimbuya amaponyerana, munthu wakunja angawaone ngati chipongwe. Mtumiki woikidwa kuti azichotsa mawu a chidani, ngati sadziwa kuti pali gulu la ubale lotere, alanga anthu chifukwa cha mwambo umene umawagwirizanitsa.

6.0 Ntchito ya Akatswiri ndi Aphunzitsi

Pali zimene zachitika kale. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014 ndi Chibemba mu 2024. Mu 2023 Claytone Sikasote wa ku University of Zambia ndi anzake adatulutsa Zambezi Voice, nkhokwe ya mawu ojambulidwa a Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Kuyambira mu 2018 Wikidata imalandira mawu a chiyankhulo chilichonse pamodzi ndi matanthauzo ake ndi masinthidwe ake. Khomo ndi lotsegula. Chatsala ndi anthu olowa. Ife tikuona ntchito zinayi zimene zili m'manja mwa madipatimenti a ziyankhulo.

Yoyamba ndi kusandutsa mabuku athu otanthauzira mawu kukhala mfundo zowerengeka ndi makina. Tili ndi buku la David Clement Scott la mu 1892 ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000. Tanthauzo lililonse lipatsidwe chizindikiro chake, dzina lililonse lionetsedwe gulu lake ndi kamvekedwe kake, ndipo kalembedwe ka ku Malawi, ka ku Zambia ndi ka ku Mozambique kamangidwe pamodzi popanda kukakamiza dziko lina kusiya kake.

Yachiwiri ndi kulemba kaundula wa maina a malo, wokhala ndi zaka zimene dzina lililonse lidayamba ndi kutha, pamodzi ndi maina amene anthu wamba amatchula, monga Kopala. Ntchito imeneyi ophunzira a ku Copperbelt University ndi Mukuba University ku Kitwe angaigwire bwino, chifukwa malowo ali pakhomo pawo.

Yachitatu ndi kulemba dongosolo la magulu la chibale, ufumu ndi miyambo mogwirizana ndi eni ake, n'kulilumikiza ku madongosolo a padziko lonse pokhapo pamene matanthauzo akukumanadi. SKOS imalola kunena kuti mawu awiri ndi ofanana ndendende, ndi ofanana pang'ono, kapena kuti amodzi ndi otambalala kuposa anzake. Mawu athu ambiri a chibale ayenera kulumikizidwa ndi njira yachiwiri ndi yachitatu.

Yachinayi ndi ya m'kalasi. Mphunzitsi amene amaphunzitsa mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani wayamba kale kuphunzitsa RDF. Angathe kupatsa ophunzira ndime ya m'nyuzipepala kuti aigawe m'mfundo za magawo atatu, kenako n'kuwafunsa zimene zatayika pogawapo: ulemu, nthawi, mwambi, kapena kukayika kwa wolemba. Angathenso kuwauza kuti afunse mtumiki funso la kwawo ndi kuyeza yankho lake ndi zimene akudziwa. Wophunzira wotere sadzameza yankho la makina asadatafune.

Ntchito zinayizi sizingathe ndi dipatimenti imodzi kapena dziko limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Zikufuna kuti akatswiri a ku Zomba, a ku Lusaka, a ku Kitwe ndi a ku Maputo agawane zochita, ndiponso kuti a ziyankhulo akhale pa mphasa imodzi ndi a za makompyuta.

7.0 Mawu Omaliza

M'nkhani ino tafotokoza kuti ukonde wa matanthauzo umaima pa mfundo za magawo atatu, zizindikiro zosasintha ndi dongosolo la magulu, ndipo kuti mtumiki amatulutsa mayankho ake mwa kulumikiza zimenezi. Zitsanzo za ku Kitwe ndi Ndola zatisonyeza pamene kulumikizako kumadukira: pa dzina loimira zinthu zambiri, pa dzina losamuka, pa mfundo yopanda chaka, pa kalembedwe kosiyana, pa kamvekedwe kosalembedwa ndi pa magulu a chibale. Taonanso kuti galamala ya Chichewa, makamaka agwirizanitsi ake, ili ndi umboni umene ungathandize makina ngati tiufotokoza bwino. Atumiki akuyankha kale mafunso a ana athu. Zimene adzanene za Nkana, za mlongo ndi za mtengo wa mkuwa zidalira zimene ife odziwa chiyankhulo tikhale titawalembera.